Kodi ntchito ya katswiri wa zamaphunziro imayezedwa ndi chiyani? Phunziro lochokera ku Manchester

Mphunzitsi wa ku yunivesite akapempha kukwezedwa pa ntchito, kaya ndi ku Zomba, ku Mzuzu, ku Lusaka kapena ku Manchester, akuluakulu ake amayamba ndi kuwerengera. Amaona chiwerengero cha zolemba zimene wasindikiza, amaona magazini a kafukufuku amene zolembazo zinatulukamo, kenako amafufuza kuti akatswiri anzake azitchula kangati. Pa manambala amenewa pamatsamira udindo, malipiro, ndalama zochitira kafukufuku wina ndiponso mbiri ya yunivesite yonse.

Munthu amene kafukufuku wake ndi wa zamaphunziro ali ndi vuto lakelake pa muyeso umenewu. Anthu amene iye akufuna kuwathandiza, monga mphunzitsi wa Sitandade 2 kapena mwana wosamva amene amakhala kumbuyo kwa kalasi, salemba m'magazini a akatswiri, choncho sangamutchule. Mbiri ya Pulofesa Mel Ainscow a ku University of Manchester, kumpoto kwa England, ikutithandiza kuona zimene manambala amanena ndi zimene amazisiya kunja.

Pulofesa amene anayambira m'kalasi

A Ainscow sanayambire ku yunivesite. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu, kenako anagwira ntchito yoyendera ndi kulangiza sukulu, asanakaphunzitse ku University of Cambridge. Pambuyo pake anakhala pulofesa wa zamaphunziro ku Manchester, komwe nthambi yoona za maphunziro ili m'nyumba yotchedwa Ellen Wilkinson, dzina la mayi wobadwira mumzindawu amene anali nduna ya zamaphunziro ku Britain kuyambira 1945 mpaka 1947.

Funso limene a Ainscow akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri ndi lakuti: kodi sukulu wamba ingasinthe bwanji kuti ilandire ndi kuphunzitsa mwana aliyense, kuphatikizapo ana aulumali, ana a m'mabanja osauka ndi ana olankhula chilankhulo china? Anatsogolera ntchito ya bungwe la UNESCO yokonza zipangizo zosulira aphunzitsi pa nkhaniyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Inali nthawi yomweyo pamene nthumwi za maboma 92 ndi mabungwe 25 zinakumana ku Salamanca m'dziko la Spain mu June 1994, n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira m'sukulu zomwe anzawo onse amaphunziramo.

M'chaka cha 2000, iwo ndi a Tony Booth anatulutsa buku lotchedwa Index for Inclusion. Bukuli lili ndi mafunso amene aphunzitsi, makolo ndi ana angadzifunse pofuna kudziwa amene akusalidwa pa sukulu yawo ndi chimene chikumutsekereza. Boma linalipira kuti ligawidwe ku sukulu pafupifupi 26,000 za ku England, ndipo lamasuliridwa m'zilankhulo zambiri za dziko lapansi.

Kuyambira 2007 mpaka 2011, a Ainscow anali mlangizi wamkulu wa boma pa ntchito yotchedwa Greater Manchester Challenge. Ntchitoyi inali ya ndalama zokwana mapaundi 50 miliyoni ndipo inakhudza sukulu zoposa 1,100 m'makhonsolo 10, kuphatikizapo Bolton, Oldham, Rochdale, Salford ndi Wigan. Mu 2012 analandira ulemu wa CBE chifukwa cha ntchito yawo pa maphunziro.

Tsono munthu wotereyu tingamuike pa sikelo yanji?

Sikelo yoyamba: watchulidwa kangati?

Katswiri aliyense akamalemba za kafukufuku wake amatchula zolemba za anzake zimene wagwiritsa ntchito, ndipo amazindandalika kumapeto kwa pepala lake. A Eugene Garfield a ku America anaona kuti mindandanda imeneyi ikhoza kusonkhanitsidwa n'kuwerengedwa. Mu 1964 bungwe lawo linatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index, amene anakula n'kukhala Web of Science ya masiku ano. M'chaka cha 2004 munabwera akaundula ena awiri: Scopus wa kampani ya Elsevier, ndi Google Scholar amene aliyense angamugwiritse ntchito kwaulere pa intaneti.

Pa maziko amenewa panamangidwa miyeso iwiri imene imamveka kwambiri m'makomiti okweza anthu pa ntchito.

Woyamba ndi impact factor, ndipo umayeza magazini osati munthu. Amatenga zolemba zimene magaziniyo inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo, n'kuwerenga kuti zatchulidwa kangati chaka chino, kenako n'kugawa nambalayo ndi chiwerengero cha zolembazo. Magazini imene inasindikiza zolemba 100 m'zaka ziwiri, ndipo zatchulidwa ka 300 chaka chino, impact factor yake ndi 3. Nambalayi poyamba inkathandiza oyang'anira malaibulale kusankha magazini oti agule. A Garfield eni ake anachenjezapo kuti si bwino kuigwiritsa ntchito poweruza munthu mmodzi.

Wachiwiri ndi h-index, imene a Jorge Hirsch, katswiri wa sayansi ya fizikisi ku University of California, San Diego, anaiyambitsa mu 2005. Wofufuza amakhala ndi h-index ya 10 ngati ali ndi zolemba 10 zimene chilichonse chatchulidwa kosachepera ka 10. Kuti ifike pa 40, pafunika zolemba 40 zimene chilichonse chatchulidwa kosachepera ka 40. Ubwino wake ndi wakuti munthu sangakwere chifukwa cha pepala limodzi lamwayi, komanso sangakwere polemba mulu wa mapepala amene palibe akuwawerenga. Kuipa kwake kuli pompo: munthu amene analemba mabuku atatu okha, ngakhale atasintha maganizo a dziko lonse, h-index yake singapitirire 3.

Pa sikelo imeneyi a Ainscow amalemera ndithu. Zolemba zawo zatchulidwa maulendo zikwi makumi angapo pa Google Scholar, ndipo wophunzira amene akulemba za maphunziro osasala mwana aliyense sachedwa kukumana ndi dzina lawo. Nambala yotere ili ndi tanthauzo lenileni: ikusonyeza kuti akatswiri ambiri, m'maiko ambiri, anaona kuti sangalembe za nkhaniyi popanda kuyankhapo pa maganizo awo.

Zimene manambala saona

Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda amadziwa kuti kulemera kwa thumba kumadalira sikelo ya amene akugula. N'chimodzimodzi pano. Munthu yemweyo amakhala ndi h-index ina pa Google Scholar, ina pa Scopus ndi inanso pa Web of Science, chifukwa kaundula aliyense amawerenga zinthu zosiyana. Google Scholar imatola mabuku, malipoti ndi zolemba za ophunzira a madigiri apamwamba. Akaundula enawo amatsamira pa magazini osankhidwa, ndipo ambiri mwa magaziniwo ndi a Chingerezi, osindikizidwa ku Ulaya ndi ku North America. Akatswiri a zamaphunziro amalemba kwambiri mabuku ndi malipoti, choncho gawo lalikulu la ntchito yawo limatsalira kunja.

Chachiwiri, nthambi za maphunziro zimasiyana chizolowezi. Kwa ofufuza zamankhwala, pepala limodzi likhoza kukhala ndi olemba ambirimbiri ndipo limayamba kutchulidwa patangopita miyezi yochepa. Kwa ofufuza zamaphunziro, munthu akhoza kukhala zaka zitatu akuyendera sukulu zochepa asanalembe kanthu. Kuyerekeza h-index ya dokotala ndi ya katswiri wa zamaphunziro kuli ngati kufunsa ngati mlimi wa fodya amaposa msodzi wa usipa pongowerenga matumba.

Chachitatu, kutchulidwa si kuvomerezedwa. Pepala lolakwika limatchulidwa ndi amene akulitsutsa, ndipo kompyuta imawerenga zonsezo ngati ulemu. Nambalayi imakonderanso akuluakulu, popeza h-index sitsika. Imangokwera ndi zaka ngakhale mwiniwake atasiya kufufuza.

Koma chachikulu ndi ichi. Mphunzitsi wamkulu wa ku Oldham amene anatenga Index for Inclusion n'kukhala pansi ndi aphunzitsi ake, napeza kuti ana ena sabwera ku sukulu chifukwa anzawo amawazunza pa nthawi yopuma, sanawonjezere kanthu pa h-index ya olemba bukulo. Pamene bukulo linagwira ntchito imene analilembera, kaundula sanaone chilichonse.

Akatswiri eni ake anayamba kudandaula. Mu December 2012, akonzi a magazini ndi ofufuza amene anakumana ku San Francisco analemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor isagwiritsidwe ntchito polemba anthu ntchito, powakweza kapena powapatsa ndalama. Mu 2015 munatuluka mfundo 10 za Leiden Manifesto, ndipo chaka chomwecho ku Britain gulu lotsogoleredwa ndi a James Wilsdon linatulutsa lipoti lotchedwa The Metric Tide. Onsewa anagwirizana pa mfundo imodzi: manambala azithandiza anthu oweruza, koma asalowe m'malo mwa kuwerenga ntchitoyo.

Sikelo yachiwiri: chasintha n'chiyani kunja kwa yunivesite?

Dziko la Britain lakhala likuunika kafukufuku wa mayunivesite ake kuyambira 1986. Ndondomeko ya masiku ano imatchedwa Research Excellence Framework, mwachidule REF, ndipo zotsatira zake ndi zimene zimatsogolera kagawidwe ka ndalama pafupifupi mapaundi 2 biliyoni chaka chilichonse. Kuunika komaliza, kwa REF 2021, kunakhudza masukulu a ukachenjede 157 ndipo zotsatira zinalengezedwa mu May 2022.

Mu 2014 ndondomekoyi inayamba kufunsa funso latsopano. Kuwonjezera pa zolemba, yunivesite iliyonse inayenera kuonetsa phindu limene kafukufuku wake wabweretsa pa chuma, pa malamulo, pa umoyo, pa chikhalidwe kapena pa ntchito zotumikira anthu. Gawo limeneli linapatsidwa 20 pa 100 ya malikisi onse mu 2014, ndipo linakwera kufika pa 25 pa 100 mu 2021. Zolemba zinatenga 60 pa 100, ndipo 15 yotsalayo inali ya malo ndi chisamaliro chimene ofufuza amagwiriramo ntchito.

Umboni wake sukhala nambala imodzi. Yunivesite imalemba nkhani ya masamba ochepa yofotokoza kafukufuku amene anachitika, amene anamugwiritsa ntchito, chimene chinasintha, ndi amene angaikire umboni: kalata ya ku unduna, lipoti la nyumba ya malamulo, zotsatira za mayeso kapena mawu a aphunzitsi akuluakulu. Nkhani zoterezi zinaposa 6,000 mu REF 2021. Oweruza, omwe ena mwa iwo si aphunzitsi a ku yunivesite, amayang'ana zinthu ziwiri: phindulo linafika patali bwanji, ndipo linali lozama bwanji. Chochititsa chidwi n'chakuti gulu loweruza nthambi ya zamaphunziro silinagwiritse ntchito chiwerengero cha kutchulidwa. Linawerenga zolembazo.

Ntchito ya Greater Manchester Challenge ndi chitsanzo cha zimene sikelo yachiwiriyi imafuna kugwira. Maganizo ake anali akuti nzeru zokonzera sukulu zili kale m'sukulu momwemo, kungoti siziyenda. Choncho sukulu zinaikidwa m'magulu otchedwa mabanja. Banja lililonse linali ndi sukulu za ana ofanana kakhozedwe ndi kapezedwe ka makolo, koma zochokera m'makhonsolo osiyana kuti zisakhale zolimbirana ana. Sukulu zimene zinali pa mavuto aakulu zinapatsidwa alangizi ndiponso sukulu ina yoyenda nayo limodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi akuluakulu amene ankangoonana pa misonkhano anayamba kulowa m'makalasi a anzawo. Pambuyo pake boma la Wales linaitana a Ainscow kuti atsogolere ntchito yofanana nayo, Schools Challenge Cymru, kuyambira 2014 mpaka 2017.

Mwini wa chipambano ndani?

Sikelo yachiwiriyi nayonso ili ndi zilema zake. Zotsatira za mayeso zikakwera mumzinda, ayamikidwe ndani? Pulofesa amene anabweretsa maganizo, boma limene linapereka ndalama, aphunzitsi amene anagwira ntchito, kapena makolo? Mkangano wotere unabuka pa sukulu za ku London, zimene zinayamba kuchita bwino kwambiri pa nthawi ya ntchito ina yofanana ndi ya ku Manchester, yotchedwa London Challenge. Mu 2014 Pulofesa Simon Burgess a ku University of Bristol anasonyeza kuti gawo lalikulu la kupambanako likhoza kufotokozedwa ndi kuchuluka kwa ana a m'mabanja ochokera kumaiko ena, amene kawirikawiri amalimbikira sukulu. Ena anatsutsa, ndipo nkhaniyi akatswiri akukambiranabe.

Palinso vuto la nthawi. Mwana amene analandiridwa m'kalasi mu 2008 chifukwa sukulu yake inasintha kachitidwe, phindu lake lenileni limaoneka akakula n'kupeza ntchito, pamene oweruza anatseka kale mabuku awo. Komanso nkhani yofotokoza phindu imalembedwa ndi yunivesite yomwe ikufuna ndalamazo, motero imasankha zokoma. Ndipo kuunikaku si kotchipa: REF 2014 inadya mapaundi pafupifupi 246 miliyoni, pamene REF 2021 inafika pa mapaundi pafupifupi 471 miliyoni. Dziko losauka silingangotengera ndondomeko yotereyi monga ilili.

Kuchokera ku Manchester kukafika ku Mpika

Pali mbali ina ya ntchito ya ku Manchester imene ili pafupi ndi kwathu. Mu 1997, pa yunivesiteyi panakhazikitsidwa bungwe la Enabling Education Network, lodziwika kuti EENET, lomwe mlumikizi wake woyamba anali a Susie Miles. Cholinga chake chinali chakuti aphunzitsi ndi makolo a m'maiko osauka azigawana zimene aphunzira pa kulandira ana onse m'sukulu, m'malo modikira nzeru zochokera ku Ulaya.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungweli linagwira ntchito ndi aphunzitsi a ku Mpika m'dziko la Zambia komanso ena a ku Tanzania. Aphunzitsiwo ankafufuza makalasi awo omwe: ndani sakubwera, ndani akubwera koma sakuphunzira, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Zimene aphunzitsi a ku Mpika analemba zinasonkhanitsidwa mu 2003 m'kabuku kotchedwa Researching our Experience. Kabuku kotere sikakhala ndi impact factor. Koma kwa mphunzitsi wa ku Chipata kapena ku Mchinji amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi ndipo mabuku ndi ochepa, mawu a mnzake wa ku Mpika ali pafupi ndi moyo wake kuposa pepala la m'magazini imene kuti aiwerenge ayenera kulipira ndalama zakunja.

Phunziro kwa Malawi ndi oyandikana naye

Kwathu ku Malawi kuli akatswiri a zamaphunziro amene ntchito yawo imaoneka pa masikelo onse awiri. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanasulidwe. Mu 2003, a Esme Kadzamira a ku Centre for Educational Research and Training ku Chancellor College, pamodzi ndi a Pauline Rose, anasindikiza kafukufuku wofunsa ngati maphunziro aulerewo ankakwaniritsa zosowa za anthu osauka. Anasonyeza kuti ana analowa ambiri, koma ubwino wa maphunziro unatsika, ndipo ana osauka ankasiyabe sukulu chifukwa cha zovala, makope ndi ntchito zapakhomo. Pepalali limatchulidwa kwambiri chifukwa linatuluka m'magazini yodziwika kunja, International Journal of Educational Development.

Koma kafukufuku wambiri wa zamaphunziro m'dziko lathu sadutsa njira imeneyo. Amathera m'malipoti opita ku unduna, m'mabuku ophunzitsira okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, m'maphunziro osulira aphunzitsi a ana aulumali ku Montfort ku Nguludi, ndi m'zolemba za ophunzira zimene zili pa mashelefu a malaibulale. Ndondomeko ya boma ya maphunziro osasala mwana aliyense, ya 2017 mpaka 2021, inafunika anthu odziwa bwino sukulu za m'dzikomo, ndipo ntchito yotere Scopus saiona. Pali zoyesayesa zoti kafukufuku wa mu Africa aoneke: African Journals Online inayamba mu 1998, ndipo African Education Research Database inakhazikitsidwa mu 2018 ndi bungwe la ESSA mogwirizana ndi REAL Centre ya ku Cambridge.

Ngozi yodalira chiwerengero chokha inaoneka ku South Africa, komwe boma limapatsa mayunivesite ndalama pa pepala lililonse losindikizidwa m'magazini ovomerezeka. Mu 2017, a Johann Mouton ndi a Astrid Valentine anapeza kuti pakati pa 2005 ndi 2014, zolemba zoposa 4,000 za akatswiri a m'dzikolo zinatuluka m'magazini okayikitsa, amene amangolandira ndalama kwa wolemba popanda kuunika bwino ntchito yake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Muyeso ukasanduka cholinga, anthu amayamba kutumikira muyesowo.

Kwa wofufuza wachinyamata wa ku Zomba kapena ku Mzuzu, nkhaniyi imakhudza chisankho cha tsiku ndi tsiku. Akhoza kutha chaka akugwira ntchito ndi aphunzitsi a m'dera limodzi ku Nsanje, n'kulemba kabuku ka m'Chichewa kapena m'Chisena kowathandiza kuphunzitsa ana kuwerenga. Akhozanso kutha chaka chomwecho akulemba mapepala awiri a Chingerezi pa mutu umene akonzi a kunja amaukonda. Ngati komiti yokweza anthu imawerenga mapepala okha, iye asankha njira yachiwiri, ndipo palibe angamudzudzule.

Yankho si kutaya manambala. Kumene kulibe muyeso uliwonse, kukwezedwa pa ntchito kumayamba kuyendera chibale ndi kudziwana, ndipo nambala, ngakhale yolumala, imateteza amene alibe womuyankhulira. Chimene makomiti angachite popanda kuwononga mamiliyoni ndi kupempha wofufuza kuti asankhe zolemba zake zitatu kapena zinayi zimene akuziona kuti n'zofunika, akatswiri a nthambi yomweyo aziwerenge bwinobwino, ndipo pambali pake alembe tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza amene anagwiritsa ntchito kafukufukuyo ndi umboni wake. Buku la aphunzitsi, silabasi yokonzedwanso kapena ndime imene inalowa mu ndondomeko ya boma ziyenera kukhala ndi malo pa fomu yokwezera anthu.

A Ainscow anali ndi mwayi wakuti ntchito yawo inaoneka pa masikelo onse awiri: analemba m'Chingerezi, anali pa yunivesite yaikulu, ndipo boma la dziko lawo linawapatsa sukulu zoposa 1,100 zoti ayeserepo maganizo awo. Anzawo ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique akufunsa mafunso omwewo m'makalasi odzaza kwambiri, popanda mwayi umenewo. Ku Britain kuunika kotsatira kwa REF kukuyembekezeka mu 2029, ndipo mkangano wa zoyenera kuwerengedwa wayamba kale. Mayunivesite athu nawonso ali ndi mafomu awo okwezera anthu, ndipo zimene zalembedwa pa mafomuwo ndi zimene zidzatsogolere ofufuza posankha ngati apite ku Nsanje kapena ayi.